Anati Ndamudula Mwamuna Wanga

1

Ndakhala pabanja zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikunena poyera kuti palibe mwamuna wina amene anaonapo ngakhale bondo langa. Komabe chaka chathachi, m'nyumba mwanga momwe ku Kanini, pamaso pa mlamu wanga ndi ankhoswe, ndinatchedwa mkazi wachimasomaso. Umboni wake unali wakuti sindinkathira mchere m'ndiwo.

Sekani ngati mukufuna, inenso masiku ano ndimaseka, koma nthawi imeneyo misozi inandithera.

Ine ndine Esme. Agogo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi, ife tinabadwira kuno ku Ndola. Tikakhala pamsika timalankhula Chibemba ngati eni ake, koma tikatseka chitseko chinenero cha makolo chimabwerera pakamwa. Miyambo ina tinaitaya kalekale. Ina sitinaitaye ayi, tinangoipinda n'kuiika pansi pa sutukesi, ndipo imatuluka tsiku limene munthu wadwala.

Amuna anga a Horace amagwira ntchito ya ukalaliki ku Kitwe, pa kampani ina yogulitsa zipangizo za mumgodi. Ankanyamuka m'mamawa, n'kubwera madzulo. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anawapeza ndi matenda a shuga komanso othamanga magazi, awa timangoti bipi. Nesi wa ku kiliniki kwathu anandikokera pambali.

"Amayi," anatero, "mankhwala a abambowa theka ali m'botolo, theka ali mumphika wanu. Shuga achoke, mchere uchepe kwambiri."

Ine ndikamva chinthu ndimachimva ndi makutu onse awiri. Mchere ndinauchotseratu m'khitchini. Ndinaphunzira kukometsa ndiwo ndi matimati, anyezi, adyo ndi mandimu. Ndipo kuti asamachite kaduka ndi mbale yanga, inenso ndinasiya mchere ngakhale ndilibe bipi. Tinkadya mofanana, ine ndi iwo.

M'mawa uliwonse ndinkawalongedzera chakudya chamasana m'kontena. Madzulo kontena ija inkabwera yopanda kanthu, yotsukidwa mbee, yopukutidwa. Mwamuna amene kunyumba sadziwa n'komwe pamene timaika sopo wotsukira mbale! Ndinkanyadira mpaka kuuza amayi anzanga a Chigwirizano kutchalitchi kuti matenda awaphunzitsa ulemu amuna anga.

Chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere. Bipi yawo sinkatsika. Mwezi ndi mwezi nesi ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kufunsa, "Amayi, zoona mchere munasiya?" Ine n'kumalumbira ngati wakuba wagwidwa.

2

Mu June, kukuzizira komanso fumbi lili paliponse, chimfine choopsa chinalowa m'tauni. Tsiku lina a Horace anabwera msanga kuchokera ku Kitwe akunjenjemera, maso ali psuu, akutsokomola ngati chifuwa ching'ambika.

Kutacha ndinapita nawo ku kiliniki. Nesi anawayeza n'kunena kuti ndi chimfine chachikulu chija cha kachilombo, chimene mankhwala opha mabakiteriya sachiritsa. Anati akapumule kunyumba, koma chifukwa cha shuga ndi bipi ndiwayang'anire ngati mkaka uli pamoto.

"Mapiritsi awo a masiku onse asadumphe. Shuga muziyeza pafupipafupi, chifukwa thupi likamalimbana ndi matenda shuga amakwera ngakhale munthu sakudya. Madzi ambiri. Thupi likatentha, panado. Zija zotsekemera za chifuwa ndi mapiritsi a chimfine ogula pasitolo, musawapatse musanatifunse, zina zimakweza bipi. Koma mukaona akubanika, milomo ikuda, kapena akulankhula zosokonekera, musadikire mawa. Thamangirani kuchipatala chachikulu."

Kenako anandiloza ine. "Inuyonso muli ndi mphumu. Valani masiki, tsegulani mawindo, ndipo musagone nawo chipinda chimodzi."

Ndinachita zonse. Ndinasamutsira zofunda zanga kuchipinda cha mwana wathu Luntha, amene ali kukoleji ku Lusaka. Mawindo ndinatsegula onse ngakhale kunkazizira. Ndinkawabaya chala m'mawa, masana ndi madzulo, kuwamwetsa madzi ofunda a mandimu opanda shuga, kuwapukuta thukuta, kuwadyetsa phala ndi supuni ngati mwana.

Nditatopa ndinaimbira foni Jemimah. Ameneyu anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo kuyambira tili ku Sande sukulu. Ndiye anandigwirira chovala paukwati wanga, ndipo amuna ake atamwalira ine ndi amene ndinagona naye pansi maliro onse. Amakhala ku Riverside ku Kitwe, kumene amachititsa lendi zipinda kwa ana a yunivesite ndi kuwaphikira.

Anayankha ndi mawu osasa.

"Iwe Jemi, nawenso?"

"Awe mwandi, chinanigwira last week. Manje nili bwinoko. Ba Horace bali bwanji?"

Ndinamufotokozera. Anafunsa ngati akudya, ngati akugona, ngati chifuwa chikuwawa pakati kapena m'mbali. Kenako anatsitsa mawu. "Nanga miyendo? Siyinatupe?"

"Yatupa pang'ono. Wadziwa bwanji?"

"Nangofunsa chabe," anatero, n'kutsokomola.

Ndinadula foni mtima uli m'malo. Ndinati ndili ndi mwayi, mnzanga wodwala yekha koma akuderabe nkhawa banja langa.

3

Loweruka kunabwera alamu anga a Unity, alongo awo aakulu a a Horace. Amakhala ku Kansenshi, ali ndi galimoto, ndipo akalowa m'nyumba ya munthu maso awo amayamba kufika kukhitchini miyendo isanafike.

Analowa kuchipinda, anavundukula bulangeti, anadina phazi la mlongo wawo ndi chala. Panatsala kadzenje. Anamvetsera chifuwa chija. Potuluka anasuzumira m'chipinda cha Luntha n'kuona zofunda zanga. Kenako anabwera kudzaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, kumandionerera ndikuphika nkhuku ya wodwala. Ndinathira matimati, ndinathira adyo, ndinavundikira.

"Mulamu, mwaiwala mchere."

"Sindinaiwale, alamu. Muno sitithira."

"Simuthira, kapena muyopa kuthira?"

Ndinatembenuka chipande chili m'manja.

Kwa inu amene munakula osamva izi, ndifotokoze. Makolo athu ankakhulupirira kuti mkazi amene wayenda njira zam'mbali dzanja lake limakhala lotentha. Akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake n'kudya, amati wamudula. Mwamunayo amayamba kutsokomola, chifuwa kuwawa, miyendo kutupa, mpaka kufa. Matendawo amawatcha mdulo. Ndiye mkazi wodziwa kuti walakwa ankapewa mchere, mwinanso kupewa mphasa ya mwamuna wake, kuti tsokalo lisamugwere.

"Chifuwa, ndamva," anatero a Unity akuwerenga pazala. "Miyendo, ndaona. Kuchipinda munathawako. Mchere simugwira. Manje mufuna ndinene ine, kapena munena mweka?"

"Alamu, ndi nesi anandiuza zonsezi! Ali ndi bipi, ine ndili ndi mphumu!"

"Nesi? Nesi ndiye anakuuzani kuti mukane mwamuna wanu?"

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinawagwira dzanja mpaka kuchipinda.

"Bambo a Luntha, auzeni alongo anu chifukwa chimene muno mulibe mchere. Munali pomwepo nesi akulankhula."

A Horace anandiyang'ana, anayang'ana alongo awo, kenako anatembenukira kukhoma n'kuyamba kutsokomola. Anatsokomola nthawi yaitali, mpaka funso langa linazizira. Ndinadzitonthoza kuti ndi matenda.

4

Lamulungu anthu ataweruka kutchalitchi, kumene ine sindinapite n'komwe, a Unity anabwera ndi a Zacharia, amalume awo, amenenso ndi ankhoswe a ukwati wathu. A Zacharia ndi mkulu wa mpingo. Anakhala pampando atavala jekete, Baibulo pamwendo, masiki pachibwano.

"Ife Akhristu zinthu izi sitizikhulupirira," anayamba motero. "Koma mwana wanga, zilipo."

Wodwala anamutulutsa n'kumukhazika pasofa atamufunditsa mabulangeti. A Unity anayala mlandu wonse. Anati ndinamudula kalekale, ndipo nditaona kuti zayamba kuoneka ndi pamene ndinasiya mchere. Anati mankhwala ake apezeka kale kwa munthu wina wodziwa mitengo, koma sagwira ntchito pokhapokha wolakwayo aulule, athiremo mchere ndi dzanja lake, amwetse wodwala yekha. Anawonjezera kuti mapiritsi achizungu ayambe aima kaye, chifukwa salimbana ndi zachikuda.

"Mapiritsi saima," ndinatero. "Ndipo madzi amchere sadzalowa pakamwa pa munthu wa bipi ine ndili moyo."

"Mwamva?" anatero a Unity. "Afuna afe kuti chinsinsi chikwiririke."

A Zacharia anatembenukira kwa mphwawo. "Horace, mwini nkhani ndiwe. Mkazi wako umamukayikira?"

Ndinawayang'ana amuna anga ndi mtima wonse. Zala zawo zinali ndi timabala ta singano timene ndinkapukuta ine. Masokosi amene anavala ndinawaveka ine m'mawa womwewo. Ndinkangodikira liwu limodzi.

"Ine ndimachoka m'mawa kupita ku Kitwe," anatero motsitsa, maso ali pansi. "Zimene zimachitika kuno masana, sindingazidziwe."

Abale anga, mpeni ukalowa m'thupi poyamba sumva kuwawa, umangomva kuzizira. Ndinamva kuzizira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako mkwiyo unabwera, ndipo ndinaimirira pamaso pa ankhoswe, chinthu chimene sindinachitepo.

"Chabwino. Mukuti mdulo umalowa ndi mchere. Muno mchere unatuluka Luntha atangoyamba sekondale, ndipo munthuyu wakhala akuyenda bwinobwino zaka zonsezi. Lero ndi pamene watupa. Ndiye ndiuzeni, mchere umene wamudulawo waudya kuti?"

Ndinangolankhula mwaukali, sindinkadziwa kuti ndaponda pati. Koma a Horace anatsamwa, kapu ya madzi inagwa m'manja mwawo. A Unity anawayang'ana nthawi yaitali, diso lija loyamba kufika kukhitchini. Kenako anati wodwala watopa, tikambirana tsiku lina. Anamuperekeza okha kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo anakhalamo nthawi ndithu. Potuluka sanandiyang'ane.

Nkhani ya m'nyumba ili ndi miyendo. Pofika Lachiwiri, mayi wogulitsa matimati pakona anandipatsa chenje osandiyang'ana kumaso. Amayi a Chigwirizano amene amayendera odwala sabata iliyonse anadutsa pageti pathu ngati palibe nyumba. Mmodzi ananditumizira uthenga wakuti ndiyambe ndaleka kuvala yunifolomu mpaka nkhani yanga ione kolowera. Yunifolomu imene ndinaivala zaka zonsezi popanda banga!

Ndinaimbira Jemimah ndikulira. Sanayankhe.

5

Mungaganize kuti ndinamusiya wodwalayo. Ayi. Ndinkalowa ndi masiki yanga, kumubaya chala, kumupatsa mapiritsi m'manja ndi kapu ya madzi, n'kutuluka osalankhula. Kale ndinkaima mpaka ameze. Tsopano nkhope yake sindinkafuna kuiona, ndiye ndinkangopereka n'kutembenuka.

Shuga anayamba kukwera modabwitsa. Chifuwa chinasintha kamvekedwe, chinalowa pansi. Ndinati mawa lake ndibwerera naye ku kiliniki, afune asafune. Koma m'mawa mwake ine ndi amene ndinadzuka pachifuwa pakulira mluzu, ndipo kapampu kanga ka mphumu kanali katatha.

A Unity anafika cha m'ma naini, ali ndi nkhope ina. Anabweretsa malalanje. Ananditcha "mulamu wanga" kawiri konse.

"Mwamva mmene mupumira? Pitani mukatenge mankhwala anu, mungatigwere muno. Osathamanga, ine nikhala naye mpaka masana."

Munthu amene anakutcha wachimasomaso Lamulungu akakubweretsera malalanje Lachinayi, uyenera kudabwa. Koma mpweya ukamavuta sulingalira zambiri. Ndinanyamuka. Mwamwayi, nditangofika pamsewu, mwamuna wa neba wanga anaima ndi galimoto n'kunditengako, ndipo ku kiliniki nesi uja atandimva kupuma anandidumphitsa mzere. Ndinamuuza za shuga ya a Horace ndi chifuwa chija. Nkhope yake inasintha.

"Bwererani pompano. Mukawapeza akupuma mofulumira, musabwere nawo kuno, pitani kuchipatala chachikulu."

Ndinalandira kapampu katsopano n'kukwera takisi. Ulendo umene a Unity ankayesa wa mpaka masana unatha dzuwa lisanatenthe.

Pakhonde panali nsapato za chikazi zofiirira, zachidendene chachifupi. Ndinazidziwa. Ndinazigula ine ndemwe, pa Khirisimasi, chifukwa mwini wake ankadandaula mawondo.

Mtima wanga wopusawu unayamba wasangalala. Ndinati Jemimah wamva kulira kwanga, wabwera kudzandiimira. Ndinatsala pang'ono kufuula dzina lake. Koma mawindo aja nesi anati ndizitsegula anali chitsegulire, ndipo mawu a a Unity anatuluka pawindo la kuchipinda momveka bwino.

"Thira na dzanja lako. Osati supuni, dzanja. Ndiwe unamudula, ndiwe uzamupoletsa. Fulumira asanabwere."

Ndinaima pamaluwa anga ngati chitsa.

"Ba Unity, ine sininafune kumupweteka," anali mawu a Jemimah, akulira. "Anali kubwera lunch time na njala. Akuti kunyumba adya monga ali mu chipatala. Nenze kumvera chabe chifundo."

"Chifundo cha zaka zingati?"

"Four."

"Nanga vakudya vamene mkazi wake anali kumulongera?"

"Nenze kupatsa agalu. Kontena nasuka, abweza."

Agalu. Ine kudzuka kusanache, kusenda adyo, kufinya mandimu, kulawa ndi kulawanso kuti mwina zikome, ndinkaphikira agalu a ku Riverside. Nesi ankandiyesa wabodza mwezi ndi mwezi, pamene bipi inkakwezedwa ndi kapenta wokazinga wa mnzanga wapamtima. Ngakhale chimfine chimene chinali kundifinya pachifuwa chinakwera basi kuchokera kunyumba kwake. Ndipo alamu anga anadziwa zoona zake kuyambira Lamulungu lija, koma anandisiya ndikunyozeka Kanini yense kuti dzina la mlongo wawo lisade.

6

Sindikumbukira kuti chitseko ndinachitsegula bwanji. Ndimangokumbukira Jemimah atagwada pambali pa bedi langa, atagwira kapu yanga, zala zake zili ndi mchere. Atandiona anatsegula pakamwa, koma fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Mulamu, yembekezani nikufotokozereni," anayamba a Unity.

Ndinali ndi mawu ambiri, okwana kudzaza tchalitchi. Koma maso anga anagwera pa munthu anali pabediyo, ndipo mawu onse anathawa. A Horace ankapuma mofulumira ngati athamanga, mapewa akukwera ndi kutsika. Milomo inali itachita mdima. Ndinawagwira pamphumi, moto. Anandiyang'ana osandizindikira.

"Basi ya ku Kitwe yapita?" anafunsa. "Ndichedwa ku shifiti."

Ndinakankha kapu ija, inagwa n'kusweka. Pokweza pilo kuti ndiwadzutse, mapiritsi anagwa pansi ngati chimanga, oyera ndi achikasu, onse amene ndinkawapatsa kuyambira Lamulungu.

"Ndani anawauza kuti asamamwe?"

A Unity anayang'ana kumbali.

"Tengani makiyi a galimoto," ndinatero. "Iwe Jemimah, gwira miyendo. Wakhala ukumudyetsa zaka folo, lero umunyamuleko."

Tinamunyamula atatu, mkazi wake, mlongo wake ndi chibwenzi chake. Aneba anatuluka kudzaonerera. M'galimoto ndinakhala kumbuyo nditamutsamiritsa pachifuwa panga kuti apume atakhala tsonga, ine ndikudzipopera kapampu kanga. Ndinkamuda munthu ameneyo ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinkapemphera kuti asafe. Zonse ziwiri zinali zoona.

Kuchipatala anamuthamangitsira mkati n'kumuika pa mpweya. Patapita nthawi dokotala anatuluka n'kutiyang'ana atatufe.

"Mkazi wawo ndi uti?"

Jemimah anayang'ana zala zake. Ine ndinati, "Ndine."

Anati chimfine chija chabala chibayo, shuga wakwera moopsa, ndipo mtima watopa, n'chifukwa chake miyendo inatupa. Anafunsa mankhwala amene amamwa, ndinatchula onse pamtima ndi nthawi zake. Anafunsa ngati anadumphitsa, ndinati afunse alongo awo. Anati tikanachedwa mpaka madzulo bwenzi tikukamba zina.

Nditatembenuka, Jemimah anali atapita. Nsapato zija anazisiya pakhonde panga, anachoka ndi patapata wanga.

7

A Horace anachira. Tsiku limene anayamba kulankhula bwino anandigwira dzanja, misozi ili m'maso.

"Amake Luntha, ndinachita mantha. Alongo atanena za mdulo ndinakhulupirira kuti ndikufa, ndipo ndinaopa kuti ndikakuikirani kumbuyo afunsa zambiri. Ndikhululukireni."

"Za Jemimah mwina tsiku lina ndidzakhululuka," ndinawayankha. "Amuna ambiri anagwapo m'dzenje limenelo. Koma inu munakhala pasofa yanga, mutavala masokosi amene ndinakuvekani, n'kunena kuti simudziwa zimene ndimachita masana. Munkadziwa. Masana ndinkakhala ndikusankha nyemba za chakudya chanu cha mawa."

Ndinachotsa dzanja langa.

Dzina langa sindinalisiye kuti lidziyeretse lokha. Ndinauza a Unity kuti pamene anayala bodza ndi pomwe akayale zoona. Anakana, ananyinyirika, koma nditawakumbutsa za mapiritsi a pansi pa pilo ndi zimene dokotala ananena, anavomera. Analankhula pamaso pa a Zacharia, amene anangoti, "Ndinanena ine kuti Akhristu sitizikhulupirira." Analankhulanso pamaso pa amayi a Chigwirizano, ine nditakhala kutsogolo ndi yunifolomu yanga yosita bwino. Ena anabwera kudzandikumbatira. Ndinawalola, koma ndikukumbukira amene anadutsa pageti.

Tsiku lotuluka m'chipatala, a Horace anapeza sutukesi yawo ili kale m'galimoto ya alongo awo. Nyumba ya ku Kanini anandisiyira ndi bambo anga, ndiye panalibe zokambirana. Ndinamva kuti anayesa kuimbira ku Riverside, koma kumeneko ankafuna mwamuna wobwera ndi njala masana, osati wofuna kubayidwa chala katatu patsiku. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Ndinapita ku Kansenshi kamodzi kokha, kukasiya kamakina koyezera shuga ndi kuwaonetsa a Unity kagwiritsidwe kake. Ndinawapeza kukhitchini akuphikira mlongo wawo nsomba. Anathira matimati, anathira anyezi, anatambasula dzanja kufuna mchere, kenako anakumbukira mawu a dokotala n'kulibweza.

"Alamu," ndinatero, "samalani. Wina akakuonani simukuthira mchere, mudzamva nkhani yanu pamsika."



8

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amene mukusamala munthu wa shuga, wa bipi kapena wa mphumu m'nyumba, ndili ndi mawu ochepa. Chimfine chikalowa, musachiyese chaching'ono. Imani pomwepo mpaka mapiritsi amezedwe, ngakhale mutakwiya chotani, chifukwa ine mkwiyo unanditembenuza msana ndipo munthu anatsala pang'ono kupita. Achibale akabwera ndi nzeru zawo, alandireni ndi ulemu, koma mpweya ukayamba kuvuta musaitane msonkhano, itanani galimoto. Ndipo wina akadwala, musathamangire kufunsa kuti walakwa ndani. Kawirikawiri chala chimaloza amene ali pafupi, amene wagwira beseni ndi thaulo, pamene mwini mlandu ali kutali akutsokomola pafoni.

Anthu amandifunsa ngati a Horace adzabwerere. Luntha amafunsa, a Zacharia amafunsa, eni akewo a Horace nawonso amatumiza mauthenga akuti asowa ndiwo zanga, zomwe zija zinkadyedwa ndi agalu. Sindinayankhebe.

Tsiku loyamba kukhala ndekha m'nyumba ndinapita pakantini n'kugula paketi ya mchere. Ndinaphika nyemba zanga, ndinatapa mchere ndi dzanja langali, dzanja limene analitcha lotentha, n'kuthira mosaopa munthu. Ndinakhala patebulo, ndinapemphera, ndinatapa supuni yoyamba.

Ndinalavula. Zinandiwawa mchere ngati ndamwa madzi a m'nyanja. Lilime langa linali litazolowera chakudya cha munthu wodwala, ndipo silinadziwe kuti mwini wake anachoka. Ndinakankhira mbale kutali, ndinagwetsa mutu patebulo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala ndinalira mokweza, mawindo onse ali otsegula.